Ndalama za SASSA za okalamba ndi aulumali: tsiku lolandira ndi zimene zimaziimitsa

Mwezi ukamapita kumapeto foni yanga siipuma. Wina ali ku Rosettenville, wina ku Alexandra, wina ndi mwana wa ku Mzimba amene akufunsira bambo ake okhala ku Soweto, koma funso limakhala lomwelo: "A mlembi, za agogo zituluka liti mwezi uno?" Ndine mlembi wa kagulu kathu kothandizana pa maliro kuno ku Joni, ndipo kwa zaka zingapo ndakhala ndikuperekeza akuluakulu athu kumaofesi ndi kuwalembera mafomu. Ndaganiza zolemba yankho lonse pamodzi kuti wofunsa ndizingomutumizira, nayenso awerengere amene maso awo saonanso bwino.

Yankho lachidule ndi ili. SASSA, bungwe la boma logawa ndalamazi kuno ku South Africa, imalipira kuchiyambi kwa mwezi, pa masiku atatu: okalamba tsiku loyamba, aulumali tsiku lachiwiri, ndalama za ana tsiku lachitatu. Tsikulo mutha kuliwerengera nokha, ndipo ndikuonetsani mmene mungachitire. Koma mwa onse amene ndawaona akulira kuti ndalama sinalowe, ndi ochepa amene anaphonya tsiku. Ambiri inaima chifukwa cha mapepala, kalata imene sinawapeze, kapena ulendo wa kumudzi umene unatalika. N'chifukwa chake gawo 5 ndalitalikitsa, ndipo ndikupemphani musalidumphe.

1. Yambani mwadziwa ndalama imene mukufunsayo

SASSA ndi bungwe la boma la South Africa limene limagawa ndalama zothandizira anthu, zimene kuno aliyense amangoti "grant". Ziwiri zimene tikukamba pano ndi ya okalamba, imene ambiri amaitcha penshoni, yoyambira zaka 60 kwa abambo ndi amayi omwe, ndi ya aulumali, ya munthu wa zaka 18 mpaka 59 amene dokotala watsimikiza kuti sangathe kugwira ntchito. Ziwirizi kuchuluka kwake n'kofanana. Mu Epulo 2024 inali R2,180 pamwezi, mu Epulo 2025 inafika R2,310, ndipo amene apyola zaka 75 amawawonjezera R20. Imakwera mu Epulo, zaka zina n'kuwonjezekanso pang'ono mu Okutobala, choncho musakangane ndi wa pa kauntala potengera chiwerengero cha chaka chatha.

Si penshoni ya kuntchito. Madala ambiri amene anabwera ndi Wenela kapena TEBA amasakaniza ziwirizi. Ndalama ya kumgodi, ya kukampani, kapena ya GEPF ya omwe anagwira ntchito m'boma, ili ndi eni ake ndi masiku ake, ndipo SASSA siidziwa tsiku lake. Sinso R370 ija ya osowa ntchito yotchedwa SRD, imene imatuluka chakumapeto kwa mwezi, aliyense tsiku lake.

Tsono nkhani yowawa, imene ndiyenera kuinena poyera. Ndalama ziwirizi amalandira anthu a magulu atatu okha: nzika za South Africa, amene ali ndi chilolezo chokhala kuno mpaka kalekale chimene timangoti PR, ndi othawa kwawo amene boma lawavomereza kale. A PR anayamba kulandira chifukwa cha mlandu wa Khosa, umene anthu ochokera ku Mozambique anapambana ku Constitutional Court, khoti lalikulu loona za malamulo oyendetsera dziko, mu 2004. Akuluakulu athu ambiri amene akulandira lero ndi aja anapeza PR mu 1995, pamene boma linakhululukira ogwira ntchito m'migodi, kapena mu 1996, pamene linachita chimodzimodzi kwa anthu a m'maiko a SADC amene anali atakhalitsa kuno. Ngati muli ndi pasipoti ya Malawi yokha, kaya ya masiku, kaya ya chilolezo cha ntchito, penshoniyi simungalandire ngakhale mutakhala kuno zaka 30. Pepala la asylum, la amene wapempha kukhala kuno ngati wothawa kwawo koma akudikirabe yankho, nalonso silikwanira pa ziwirizi.

Ndikunena zimenezi chifukwa pali anthu amene amazungulira m'mizere ndi pa WhatsApp n'kumati "ndipatseni R1,500 ndikulowetseni mu system". Kulembetsa ku SASSA n'kwaulere. Amene akukupemphani ndalama akufuna kukuberani, kapena akufuna kukulembetsani pa ID ya munthu wina, ndipo zikadzaululika wogwidwa ndi inu, iye atasintha kale nambala.

Ngakhale muli ndi ID yoyenera, amayang'ananso zimene mumapeza ndi katundu amene muli naye. Ngati muli pabanja amawerengera za nonse awiri. Amene amapeza zambiri amalandira yochepa kapena salandira n'komwe.

2. Werengerani tsiku

Masiku a chaka chonse amalengezedwa kamodzi, chaka cha boma chisanayambe mu Epulo, ndipo mndandandawo umafika mpaka Malichi wa chaka chotsatira. SASSA imauika pa tsamba lake la pa intaneti, pa Facebook ndi m'maofesi. Ujambuleni pa foni, kapena ulembeni papepala n'kumata kuseri kwa chitseko. Mndandanda wa eni akewo ndiye wotsiriza, osati chithunzi chopanda mwini chimene chikuyenda m'magulu a WhatsApp.

Ngati mulibe mndandandawo, tengani kalendala. M'zaka zaposachedwazi tsiku la okalamba amalipeza motere: amafuna tsiku loyandikira kwambiri kuchiyambi kwa mwezi, koma lisakhale pa 1, lisakhale Loweruka kapena Lamulungu, lisakhale Lolemba, lisakhale la tchuthi cha boma kapena lotsatira tchuthicho. Mukalipeza limenelo, aulumali ndi tsiku lantchito lotsatira, ana ndi lotsatiranso.

Tiyeni tiyese ndi miyezi imene inadutsa kale. Epulo 2025 unayamba Lachiwiri. Pa 1 salipira, ndiye okalamba analandira Lachitatu pa 2, aulumali pa 3, ana pa 4. Umenewo ndi mwezi wosavuta. Meyi 2025 ndiye anadandaulitsa anthu: pa 1 linali Lachinayi, tchuthi cha apantchito, pa 2 linali lotsatira tchuthi, pa 3 ndi pa 4 kumapeto a sabata, pa 5 Lolemba. Okalamba analandira Lachiwiri pa 6, aulumali pa 7, ana pa 8. Sabata imeneyo ndinayankha mafoni osawerengeka a anthu amene ankaganiza kuti adulidwa, pomwe panalibe chimene chinalakwika. Okutobala 2025 akuonetsa kena: okalamba Lachinayi pa 2, aulumali Lachisanu pa 3, koma ana anadikira mpaka Lolemba pa 6 chifukwa pakati panalowa Loweruka ndi Lamulungu.

Miyezi yofunika kuichenjera ndi Januwale ndi Meyi, chifukwa yonse imayamba ndi tchuthi, komanso mwezi uliwonse woyamba Lachisanu. Ngati mumalipira lendi pa 1, kambiranani ndi eni nyumba mweziwo usanafike, muwaonetse mndandanda, kuti asadzakugogodereni pa 2 muli chimanjamanja. Onaninso mpata wa pakati: wolandira pa 2 Disembala n'kudzalandiranso pa 6 Januwale wadikira masabata asanu, Khirisimasi ili pakati. Ndalama ya Disembala ndi imene imafunika kuigwira mwamphamvu kuposa zonse.

Wolandira ndalama ziwiri, monga agogo amene akuleranso mdzukulu wolembedwa pa dzina lawo, kawirikawiri zonse zimalowa pamodzi pa tsiku la okalamba.

3. Patsikulo musathamange

Ndalama ikalowa mu akaunti siibwerera madzulo. Ilipo mawa, ilipo mkuja. Akuluakulu ambiri anazolowera kale lija galimoto ya ndalama inkabwera pa holo tsiku limodzi, wophonya n'kuphonyeratu, ndiye mpaka lero amadzuka 4 koloko m'nyengo yozizira kukaima pamzere. Tsiku loyamba ndi limene mizere imatalika, makina amatha ndalama, ndipo akuba amadziwa kuti agogo aliyense wotuluka m'sitolo ali ndi kenakake m'thumba. Dikirani masiku awiri kapena atatu, mupite masana, muli ndi wina.

Mutha kulandirira ku banki yanu, monga Capitec, FNB, Absa, Nedbank kapena Standard Bank, kapena pa khadi la Postbank, banki ya boma. Khadi lagolide lakale la SASSA linayamba kulowedwa m'malo ndi lakuda la Postbank, ndipo amene akadali nalo lakale afunse ku Postbank asanadzakanidwe pa makina. Akaunti iyenera kukhala ya dzina lanu, osati ya mwana kapena ya akazi anu. Kutapira polipirira m'masitolo monga Shoprite, Boxer, Usave ndi Pick n Pay kumatchipa kuposa pa ATM ya banki ina, ndipo ufa, mafuta ndi sopo mutha kungolipira ndi khadilo osagwira ndalama m'manja.

Pa ATM musalole "kuthandizidwa" ndi munthu amene simukumudziwa, ngakhale atavala ngati mlonda. Amasinthanitsa khadi m'kuphethira kwa diso. PIN musailembe pakhadi, ndipo isakhale chaka chimene munabadwa, chifukwa chakacho chili pa ID imene ili m'chikwama chomwecho.

4. Tsiku lafika koma sinalowe

Tsatani izi mwa dongosolo lake, musayambire kumapeto.

Choyamba onaninso kalendala. Kodi ndi tsiku la gulu lanu, kapena mwamva kuti "zatuluka" kwa mnzanu wa gulu lina? Wa ulumali akapita tsiku la okalamba sapeza kanthu.

Chachiwiri, musadalire meseji yokha. Meseji imachedwa, ndipo ena anasintha nambala osauza banki. Onani balansi yeniyeni, kapena pemphani sitetimenti. Nthawi zina ndalama inalowa ndithu koma inadulidwa nthawi yomweyo ndi ngongole kapena inshuwalansi.

Chachitatu, funsani ku banki ngati akaunti ili yotsegula. Apa m'pamene ife obwera timagwa kawirikawiri: banki ikaona kuti pepala limene munatsegulira akaunti latha ntchito, kapena ikufuna umboni watsopano wa komwe mukukhala, imamanga akauntiyo, ndipo SASSA ilibe nazo mbali.

Chachinayi, imbani nambala yaulere ya SASSA, 0800 60 10 11, ID ili m'manja. Kuyambira 2025 SASSA inayamba kuchedwetsa dala ndalama za anthu amene ikufuna kuwaunikanso, n'kuwalipira tsiku lina lachinayi, ena onse atalandira. Zikakuchitikirani musangosangalala kuti yalowa. Kuchedwako ndi kuitana. Pitani ku ofesi ya SASSA ya m'dera lanu mwezi womwewo, mutatenga ID, masitetimenti a miyezi itatu a akaunti iliyonse imene muli nayo, umboni wa komwe mukukhala, ndi kalata ya ukwati kapena ya imfa ya mnzanu ngati ilipo. Wosapita, ndalama yake imaimitsidwa.

Kuunikanso kumeneku n'kwa nthawi zonse, si chilango. SASSA imayenera kukudziwitsani pasadakhale, koma imatumiza kumene munalembetsa. Ife a ku Joni timasamuka kwambiri, chaka chino Yeoville, chaka chamawa Turffontein, ndipo nambala za foni timasintha ngati malaya. Kalata imapita ku nyumba imene munachokako kalekale. Mukasamuka kapena kusintha nambala, pitani mukanene sabata yomweyo. Ka ulendo kameneko kapulumutsa anthu ambiri kuposa china chilichonse chimene ndalemba pano.

Ku ofesi mukapita, lembani tsiku, dzina la amene wakuthandizani ndi zimene wanena, ndipo pepala lililonse limene akupatsani musunge m'pulasitiki imodzi.

5. Ulendo wa kumudzi

Apa ndi pamene malangizo ambiri sanenapo kanthu, chifukwa amalembera anthu amene kwawo ndi ku Limpopo kapena ku Eastern Cape, oti akapita kwawo amakhala ali m'dziko lomweli. Ife kwathu ndi kuseri kwa Beitbridge, Nyamapanda ndi Mwanza, ndipo lamulo limatiwerengera masiku.

Ndalama izi ndi za munthu amene akukhala mu South Africa. Lamulo la Social Assistance Act la 2004 limati amene akufuna kukhala kunja kwa dziko masiku opyola 90 adziwitse SASSA asananyamuke. Akatero ndalama imaimitsidwa, ndipo imadzayambanso iye akabwera n'kukaonekera yekha ku ofesi. Palinso lamulo lina loti ndalama ikakhala miyezi itatu yotsatizana osatengedwa, imafa.

Masiku 90 amaoneka ambiri muli pa Park Station ndi zikwama, koma taganizani mmene timayendera. Madala anyamuka pa 10 Disembala kuti akadye Khirisimasi ndi adzukulu ku Nkhata Bay. Masiku 90 akwana pa 10 Malichi. Pofika nthawi imeneyo chimanga chili m'munda, chachiwisi changoyamba kumene kudyedwa, ndipo aliyense pamudzi akuti "agogo, dikirani tikolole". Kukolola ndi Epulo kapena Meyi. Akamakwera basi yobwerera apyola ndi mwezi wathunthu kapena iwiri, ndipo zidindo za m'pasipoti zikunena zonse. Maliro nawonso amatero: munthu apita kukaika mchemwali wake, kenako pali kusesa, kukambirana za minda, kumanga chiliza, mwendo n'kutupa, ulendo wa masiku awiri pa basi n'kukhala wosatheka.

Tsono chitani izi. Musananyamuke tengani kalendala, werengani masiku 90 kuyambira tsiku lodutsa pa Beitbridge, mulembe tsiku lomalizalo mkati mwa chikuto cha kabuku kanu kolembamo zinthu, ndipo tikiti yobwerera ikhale ya sabata ziwiri tsikulo lisanafike. Mabasi amafa, milatho imaduka nthawi ya dzinja. Uzaninso mwana mmodzi kuno ndi mmodzi kumudzi tsikulo, kuti pakhale wokukumbutsani pamene ena onse akukukakamizani kukhala.

Ngati mukudziwa kale kuti mukakhalitsa, pitani ku ofesi mukanene, ndipo mupemphe umboni wolembedwa woti mwanena. Ndikudziwa kuti n'zowawa kudziimitsira wekha ndalama. Koma kuimitsa kumene mwanena nokha kumatsegulidwa mukabwera, pomwe ndalama zimene mwalandira mosayenera SASSA ili ndi mphamvu yokuuzani kuti mubweze, ndipo munthu wa zaka 70 alibe kwina kozipeza.

Ngati mwadwalira kumudzi mosayembekezera, musangokhala chete. Mwana wanu kuno apite ku ofesi akafotokoze, ndipo inu kumeneko sungani kabuku ka kuchipatala, makalata a dokotala okhala ndi chidindo ndi masiku, ndi tikiti imene munalephera kukwerera. Mukabwera pitani ku ofesi sabata yoyamba, mapepalawo ali m'manja.

Njira imene ambiri amatsata ndi yosiyira mwana khadi ndi PIN kuti azitapa n'kumatumiza pa Mukuru. Pa ulendo wa mwezi umodzi kapena iwiri vuto lake ndi la kukhulupirika kwa mwanayo basi, ngakhale kuti pamenepo pokha ndaona mabanja akudana. Koma ulendo ukapyola masiku aja, kutapa kwa mwanayo sikukutetezani. Kukungokulitsa ngongole. Tsiku limene adzakuitaneni kuti mukaonekere, mukajambulitse zala ndi nkhope monga ayambira kuchita, kapena mukasaine fomu yotsimikiza kuti muli moyo, mwanayo sangakuimirireni.

Njira yovomerezeka yoti wina azikulandirirani ilipo. Munthuyo amatchedwa procurator, ndipo mumamulembetsa ku SASSA komweko, iye ali ndi ID yake. Koma imeneyi ndi ya munthu amene ali kuno ndipo akulephera kuyenda chifukwa cha ukalamba kapena matenda. Si chilolezo chokakhalira ku Malawi.

Amene aganiza zobwerera kumudzi kotheratu adziwe kuti penshoniyi siwoloka nawo malire. Ku Malawi kulibe penshoni ya boma ya wokalamba aliyense. Mtukula Pakhomo amasankha mabanja ovutikitsitsa okha. Komanso PR yeniyeniyo itha kulandidwa munthu akakhala kunja zaka zopyola zitatu. Zimenezi zikambidwe pabanja modekha, ana onse alipo, munthu asanagulitse bedi ndi kubweza makiyi a nyumba.

Chomaliza pa gawoli ndi imfa. Ndalama imathera pa mwezi umene munthu wamwalira. Akamwalirira kuno, Home Affairs, nthambi ya boma yoona za ma ID ndi kalembera wa imfa, imalemba ndipo SASSA imadziwa. Akamwalirira ku Mangochi, kuno palibe amene akudziwa, ndalama imangolowabe, ndipo wogwira khadi amayesedwa kwambiri, makamaka poti maliro adya zambiri. Ndikukupemphani, abale anga, musatape. Tengani kalata ya imfa ya ku Malawi, mukanene ku Home Affairs ndi ku SASSA. Makamera a pa ATM amajambula nkhope ya wotapa, ndipo mlandu wa chinyengo kwa munthu wobwera umathera pa kutaya mapepala ake omwe.

6. Za aulumali: "temporary" ndi "permanent"

Kalata imene munalandira povomerezedwa ili ndi limodzi mwa mawu awiriwa, ndipo ambiri saliwerenga. "Temporary" ndi ya kanthawi, kuyambira miyezi 6 mpaka 12. Nthawiyo ikakwana ndalama imangoima yokha, popanda wolakwa. Mayi wina wa m'gulu lathu, amene anapuwala dzanja ndi mwendo atadwala sitiroko, anapita pa ATM masiku anayi otsatizana akuganiza kuti ndi netiweki, pomwe miyezi yake 12 inali itatha. Akanadziwa akanayamba kale kukonza zolembetsanso, koma anakhala miyezi iwiri opanda kanthu.

Pezani kalatayo lero, muone mwezi womaliza. Kutatsala miyezi iwiri kapena itatu pitani ku ofesi mukafunse tsiku loonana ndi dokotala. Amene amalemba lipoti ndi dokotala wosankhidwa ndi SASSA, osati wanu, ndipo lipotilo lisapyole miyezi itatu pa tsiku lolembetsa. Popita tengani mafayilo onse a kuchipatala, mapepala a mankhwala ndi zithunzi za X-ray ngati zilipo. Dokotalayo sakukudziwani, ali ndi mphindi zochepa, ndipo akuyang'ana ngati mungathe kugwira ntchito, osati ngati mukudwala chabe. Ife Amalawi tinaleredwa kuyankha kuti "ndili bwino" ngakhale tikumva ululu. M'chipinda chimenecho nenani zoona zonse: kuti simutha kusamba nokha, kuti simutha kukwera masitepe, kuti mumagwa. Ngati Chingerezi kapena Chizulu chimakuvutani, pitani ndi womasulira.

"Permanent" sikutanthauza mpaka imfa. Kumatanthauza kuti ulumaliwo upitirira chaka, ndipo atha kukuitanani kuti akuoneninso.

Wa ulumali akakwanitsa zaka 60 amasamukira ku ndalama ya okalamba. Salandira ziwiri, ndipo tsiku lake limasintha kukhala loyamba lija. Mwezi wobadwa ukamayandikira kafunseni ku ofesi ngati zonse zili m'malo. Amene akufunika munthu womusamalira usana ndi usiku, kaya ndi wokalamba kaya waulumali, atha kupempha kandalama kowonjezera kotchedwa grant-in-aid, kamene mu 2025 kanali R560 ndipo kamalowa limodzi ndi ndalama yaikuluyo. Ambiri oyenera kulandira sadziwa n'komwe kuti kalipo.

7. Ikalowa yoperewera

Lamulo limalola kuti pa ndalamayi, isanafike kwa inu, padulidwe chinthu chimodzi chokha: inshuwalansi imodzi ya maliro, yosapyola 10 peresenti, imene inu mwasainira. Pa ndalama za ana ndi pa ya ulumali ya kanthawi saloledwa kudula n'komwe. Mukaona kudulidwa kumene simukukudziwa, kadandauleni ku SASSA. Ngati kukuchitikira mu akaunti, pitani ku banki mukakane msanga kudula kumeneko, kumene amati debit order, chifukwa mukachedwa kubweza kwake kumavuta. Ndipo musasaine pepala la munthu amene wakupezani pamzere n'kunena kuti wachokera ku SASSA. SASSA siigulitsa inshuwalansi.

Mashonisa ndi amene kwathu timati akatapila. Amabwereketsa R500 n'kusunga khadi lanu ndi ID, ndipo tsiku lolandira amatapa ndi iwo, inu n'kukupatsani zotsala, zimene sizifika pakati pa mwezi, ndiye mubwerekanso. Kusunga khadi kapena ID ya munthu chifukwa cha ngongole n'koletsedwa ndi lamulo la dziko lino. Mutha kupita ku banki kukatseketsa khadilo n'kutenga lina, ndipo mutha kukanena ku polisi. Ngati mukuopa, pitani ndi akuluakulu a mpingo, a mzikiti kapena a gulu lanu.

8. Olembetsa kumene

Lembetsani mukangokwanitsa zaka 60, musadikire. Yankho litha kutenga mpaka miyezi itatu, koma mukavomerezedwa amakulipirani kuyambira tsiku limene munalembetsa, osati tsiku limene munakwanitsa zaka 60 kapena limene anavomera. N'chifukwa chake risiti imene amakupatsani pa tsikulo ndi yofunika ngati ndalama. Malipiro oyamba amabwera ochuluka chifukwa cha miyezi ya m'mbuyoyo, ndipo otsatira amabwerera pa mlingo wake. Musapange bajeti potengera oyambawo.

Akakukanani ayenera kukupatsani chifukwa cholembedwa, ndipo muli ndi masiku 90 ochita apilo ku bwalo loima palokha loona madandaulo a ndalamazi, limene lili pansi pa unduna wa Social Development. Ngati amene ali pa kauntala wakubwezani pongoona kuti munabadwira ku Malawi, pomwe ID yanu ya PR ili m'manja, pemphani mwaulemu kuonana ndi woyang'anira ofesiyo, ndipo munene kuti mukufuna kukanidwa kolembedwa. Zikakanika, mabungwe a Black Sash, Legal Aid South Africa ndi Lawyers for Human Rights, amene ali ndi ofesi ku Braamfontein, amathandiza nkhani zoterezi popanda kulipiritsa. Popita kumeneko tengani pulasitiki ija ya mapepala, risiti yolembetsera ili pamwamba.